VESI SI CHITHUMWA

Vesi lathu lero ndi Miyambo 18:10, pamene tikuphunzira kuti dzina la Yehova ndi pothawira pa munthu wolungama. Nenani Ameni.

Ku America kuli mpikisano wa magalimoto wotchedwa NASCAR. Magalimoto ake amaoneka ngati a pamsewu, koma amathamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola. Katswiri wina wa mpikisanowu anali Dale Earnhardt, wobadwa mu 1951 ku Kannapolis, North Carolina. Sukulu anaisiyira panjira, natsata ntchito ya bambo ake. Anapambana mipikisano 76, nakhala katswiri wa chaka maulendo 7. Mpikisano waukulu wa Daytona 500 unamukana zaka zambiri, mpaka anaupata mu 1998, paulendo wa 20. Ameneyu sanali munthu wogwa ulesi ayi.

Panali mayi wina wopemphera, Stevie Waltrip, amene ankamulembera mavesi n'kumata m'galimoto mwake. Pa 18 February 2001 anamupatsa vesi lomwe tawerengali. Tsiku lomwelo ku Daytona, pozungulira komaliza penipeni, galimoto yake nambala 3 inagunda khoma. Anamwalira ali ndi zaka 49, mwana wake Dale Jr. akumaliza pa nambala 2.

Wina afunsa: Abusa, nanga vesi lija silinagwire ntchito? Tamverani bwino, okondedwa. Vesi si chithumwa! Ena tinataya zithumwa za asing'anga, koma Baibulo taliika pomwe panali chithumwa paja. Mawu a Mulungu sagwira ntchito chifukwa amatidwa pagalasi. Amagwira ntchito mumtima, ndipo pothawira pamene akunena ndi pamene ngakhale imfa singakuchotsepo. Za mtima wa bambo ameneyu woweruza ndi Mulungu, osati ine.

Koma pali chachiwiri. Chipangizo chogwira mutu ndi khosi pangozi, chotchedwa HANS, chinalipo kale. Mu 2000 madalaivala atatu, Adam Petty, Kenny Irwin Jr. ndi Tony Roper, anafa atavulala mutu chimodzimodzi. Komabe ambiri sankachivala, ndipo Earnhardt naye sanavale. Atamwalira, mu October 2001 akuluakulu a mpikisano analamula kuti aliyense azivala chotchinjiriza khosi. Makoma anawakonza, magalimoto anawasintha. Chichokereni nthawi imeneyo, palibe dalaivala wafa pa mpikisano wawo waukulu. Zikho zake zili m'kabati, koma chimene anasiya chenicheni ndi anzake amene lero akuona zidzukulu. Anaphunzira, koma anaphunzirira pamaliro.

Nanga ife tidikira maliro a ndani? Iwe mlovi, mwera ukuwomba, akulu akuti lero usalowe, iwe ukuti ndapemphera. Inu eni maboti, injini mwagula, chilimira mwagula, koma jekete loyandamitsa munthu mukuti ndi lodula. Iwe wa kabaza, njinga walemba kuti Mulungu ndi m'busa, koma chipewa wachipachika pahandulo. Kumeneko si kukhulupirira, ndi kuyesa Mulungu! Pa Mateyu 4 satana anagwiritsa ntchito vesi pouza Yesu kuti adziponye pansi, ndipo Yesu anakana. Pa Machitidwe 27 Mulungu analonjeza Paulo kuti palibe adzafe, komabe osadziwa kusambira anafika kumtunda atagwira matabwa. Lonjezo linali la Mulungu, thabwa anagwira okha.

Pemphera, kenako vala chipewa. Pemphera, kenako yang'ana nyanja. Ndipo popeza sudziwa kuzungulira kwako komaliza, thawira kwa Yesu lero.

Tiyeni tipemphere. Atate, sungani asodzi athu usiku uno. Patsani eni maboti mtima wosamala antchito awo. Amene sanakulandireni, akulandireni tsopano. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.