Kacirombo Kamene Kazolowera Mankhwala



Ambiri a ife tikapereka mwana m'manja mwa dotolo, mtima umakhala pansi. Koma liripo bvuto limene madotolo eni ace alikulimbana nalo: mwana alowa m'cipatala ndi nthenda yina, napezamo yinanso, ya m'magazi.

Njira yace ndi iyi. Khanda lobadwa masiku osakwana silitha kuyamwa bwino, cotero amaliboola mtsempha ndi kuikamo kampopi ka diripi. Kampopi kameneka kamapulumutsa moyo, komanso ndi khomo lotseguka. Kalipo kacirombo dzina lace Klebsiella, kamene kamakhala m'matumbo mwa anthu, pa matewera ndi m'malo otayira madzi. Dzanja losasamba limakanyamula kucokera kwa mwana uyu kunka kwa uyo. Kakalowa m'magazi, khanda lingathe kufa m'masiku owerengeka.

Wina afunsa kuti, nanga jekeseni? Apa mpamene pagona nkhani. Alexander Fleming, amene anapeza penicillin ku London mu 1928, anacenjeza mu 1945 kuti mankhwala akaperekedwa operewera, tizirombo tidzawazolowera. Tofooka timafa, tolimba titsala ndi kubalana. Mau ace anapherezera. Pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, mu 2003, mwa Klebsiella 100 wopezeka m'magazi a odwala, pafupifupi 12 anali kukana mankhwala amphamvu onga ceftriaxone. Pofika 2016 anali 90.

Ifenso tiri nao mlandu. Munthu agula makapisozi pa msika cifukwa ca cimfine, cimene makapisoziwo saciza konse. Amwa masiku awiri, otsalawo asungira mwana. Amati wacenjera, pamene alikuphunzitsa kacirombo nkhondo.

Tsono imvani zimene zinacitika pa University Teaching Hospital ku Lusaka pakati pa 2015 ndi 2017, m'cipinda ca makanda odwala. Sanadze ndi jekeseni watsopano ai. Anaphunzitsa anchito za ukhondo, anapanga okha mankhwala a spiriti opaka m'manja, anayeretsa cipinda, anasambitsa makanda okulirapo ndi chlorhexidine kamodzi pa mlungu, ndipo anatumiza mau okumbutsa pa lamya za m'manja. Imfa za makanda zinacepa.

Ndidziwa kuti pa Sabata abale amadza ambiri kudzazonda, ndipo ali yense afuna kuyangata mwana; kuwaletsa kumaoneka ngati mwano. Aletseni mwaulemu, kapena asambe m'manja ndi sopo poyamba. Inunso amai, sambani musanayamwitse ndiponso mutasintha thewera. Mukaona kuti khanda laleka kuyamwa, thupi latentha kapena lazizira, likupuma mofulumira, kapena pamene pali diripi patupa ndi kufiira, itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.