Mbale wanu akachita opaleshoni yochepetsa thupi, muthandizeni kuti thupi lisabwerere



Nkhani ya lero ena muyamba kunena kuti si yathu. Opaleshoni yochepetsa thupi sichitika pa centro de saúde ya kwathu kuno, ndipo ndi yokwera mtengo kwambiri. Koma ana athu ndi alongo athu ali ku Johannesburg, ku Maputo ndi kwina, ndipo ena mwa iwo, atavutika ndi kunenepa kopitirira, shuga ndi BP, anagonekedwa m'chipatala chachikulu n'kuchitidwa opaleshoni imeneyi. Disembala akafika amabwera kudzaona makolo. Akabwera amadya za m'mphika mwanu, ndiye nkhaniyi ikukhudzani.

Poyamba mumve chimene madokotala amachita. Pali njira ziwiri zodziwika. Ina amaitcha sleeve. Amadula chifu n'kuchotsa mbali yaikulu, pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10, chotsalacho chimakhala chopyapyala ngati nthochi. Ina amaitcha bypass. Amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira pamwamba pa chifu, n'kukalumikiza ku matumbo cha kutsogolo, kotero chakudya chimalambalala mbali ina ya matumbo. Sachitira aliyense wofuna kuoneka bwino ayi. Amachitira munthu amene thupi lafika pomudwalitsa, mwachitsanzo mayi wa msinkhu wa mita 1 ndi masentimita 60 koma akulemera makilo 105, maondo akupweteka, shuga osatsika, usiku kubanika kutulo.

Chaka choyamba thupi limatsika mofulumira. Munthu amakhuta ndi masupuni ochepa, ndipo njala imachepa chifukwa mbali ya chifu imene imatumiza uthenga wa njala ku ubongo yachotsedwa kapena yalambalalidwa. Pakatha chaka ndi theka kapena zaka 2, kutsikako kumaima. Apa ndiye pamayambira ntchito yeniyeni. Njala imayamba kubwerera pang'onopang'ono, kathumba kaja kamayamba kulandira chakudya chochulukirapo, ndiponso thupi limene laonda siligwiritsa ntchito mphamvu zambiri ngati kale. Kubwerera makilo ochepa n'kwachibadwa, musachite nako mantha. Choopsa n'chakuti ena amabwerera pafupifupi pamene anali, shuga ndi BP n'kubweranso, ndalama zonse zija n'kupita pachabe.

Tsono inu a pakhomo mumalowa pati?

Ife kuno mlendo timamulandira ndi nsima. Mwana akabwera ataonda, amayi mtima umawawa, amapha nkhuku, amakazinga mbatata ya kachewere m'mafuta ambiri, amaumba mitanda itatu. Mwanayo akadya theka la mtanda n'kusamba m'manja, mawu amayamba: wayamba kunyada, akunyansidwa ndi chakudya cha kumudzi, kapena akubisa matenda. Amayi, pepani ndinene ngakhale ndine mwana kwa inu. Mwanayo sakukunyozani. Chifu chake n'chaching'ono tsopano. Mukamukakamiza asanza, kapena amva ululu pachifuwa ngati chakudya chamutsamwa. Ndipo akazolowera kudya mopitirira pofuna kukusangalatsani, ndi mmene thupi limayambira kubwerera. Mupatseni mbale yaing'ono ya ana, ndipo akanena kuti wakhuta, chotsani mbaleyo osafunsa kawiri.

Palinso miseche. Kwathu munthu akaonda msanga anthu amanong'onezana kuti ali ndi kachilombo, ena amati wamulodza, ena amati wakhwimira ndalama. Munthu akamva zimenezi amafuna anenepenso msanga kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Ine ndimaona kuti manyazi amenewa amabwezera anthu m'mavuto kuposa njala yeniyeniyo. Inu a m'banja ndinu oyamba kumuteteza. Ngati iye walola kuti anthu adziwe, nenani poyera kuti anachita opaleshoni kuchipatala ndipo ali bwino. Ngati sakufuna, imeneyo ndi nkhani yake, musaifalitse. Paja ngakhale amene akumwa ma ARV si oti tiziwaloza chala.

Tibwere ku mphika. Popeza malo m'chifu ndi ochepa, choyamba kulowa chikhale chakudya chomanga thupi. Madokotala amafuna kuti munthu wotere azipeza magalamu osachepera 60 a chakudya chomanga thupi pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, ndiye mukuona kuti pamafunika khama. Mwamwayi zinthu zake tili nazo: mazira, nyemba, soya, nandolo, matemba, usipa, nkhuku, mkaka. Ayambe ndi ndiwo zimenezi, kenako masamba monga nkhwani, bonongwe, mpiru kapena kholowa, nsima ibwere pomalizira ndipo ikhale yochepa. Ndikudziwa kuti izi zikutembenuza mwambo, chifukwa ife nsima ndiye chakudya, ndiwo ndi zongoperekezera. Kwa iye n'zosemphana. Nyama ikhale yofewa, yophika ndi msuzi, osati yowotcha youma. Adye mosafulumira, atafune mpaka chakudya chisalale, chakudya chimodzi chimutengere mphindi 20 kapena 30. Nsinjiro ndi zabwino koma zili ndi mafuta ambiri, musachulutse.

Madzi asamwe pamodzi ndi chakudya. Adikire mphindi 30 akatha kudya, chifukwa madzi amakankha chakudya kuti chituluke msanga m'kathumba kaja, njala n'kubwerera nthawi isanakwane. Koma pa tsiku lonse azimwa lita imodzi ndi theka kapena kupitirirapo, pang'onopang'ono, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Mdani wamkulu ndi zakumwa ndi tizakudya tongotolatola. Opaleshoni imaletsa mtanda waukulu wa nsima, koma siiletsa chinthu chamadzi. Frozy, Fanta, Coca-Cola, thobwa wothira shuga, tiyi wa masupuni anayi, zonsezi zimangodutsa osakhutitsa. Kachitini kamodzi ka Coca-Cola ka mamililita 330 kali ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 9. Chimodzimodzi mabisiketi, mandasi, zitumbuwa ndi chipisi cha pa chiwaya. Munthu akamatola kamodzi m'mawa, kena pa msika, kena podikira minibasi, pofika madzulo wadya zambiri kuposa amene anakhala pansi n'kudya nsima. Kwa amene anachita bypass, shuga wambiri amathanso kumudwalitsa nthawi yomweyo: thukuta, mtima kugunda, chizungulire, kutsegula m'mimba. Mukaona zimenezi atangomwa chotsekemera, si ufiti, mugonekeni apume, ndipo tsiku lina musamupatsenso.

Abambo, za mowa ndinene mosabisa. Pambuyo pa opaleshoniyi mowa umalowa m'magazi mofulumira, botolo limodzi limaledzeretsa ngati awiri, ndipo ena amene kale sankamwa kwambiri amagwa m'chizolowezi cha mowa. Mlamu wanu akakana kachasu kapena 2M pa chikondwerero, musamunene kuti wasanduka m'busa.

Chinthu china chimene anthu amachitaya akangoona kuti apeza bwino ndi mapiritsi a mavitamini. Awa ndi a moyo wonse. Thupi lake silitenganso mokwanira vitamini B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D kuchokera m'chakudya. Akasiya, magazi amachepa, mafupa amafooka, manja ndi mapazi amachita dzanzi, ndipo mitsempha ikawonongeka nthawi zina sibwereranso. Ngati akubwera kudzakhala miyezi ingapo, muuzeni pa foni anyamule okwanira, pamodzi ndi kalata ya dokotala yonena mtundu wa opaleshoni imene anachita. Kalata imeneyo aionetse nthawi iliyonse akapita kuchipatala, kaya kuno kaya kutsidya ku Dedza kapena ku Ntcheu. Magazi aziyezetsa kamodzi pa chaka ngakhale akumva bwino.

Mutu ukamupweteka musamugulire mankhwala pa kantini mwachisawawa. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amatha kuyambitsa zilonda m'chifu chodulidwacho. Paracetamol ndiye amaloledwa. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a BP, mlingo wake umafunika kuunikidwanso thupi likamatsika, chifukwa shuga akhoza kutsika mopitirira. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB asasiye, koma auze achipatala za opaleshoniyo.

Kwa atsikana ndi amayi, madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pakati, kuti mwana asadzasowe chakudya m'mimba. Dziwaninso kuti thupi likatsika kubereka kumabwerera ngakhale kwa amene ankavutika kuima, ndipo mapiritsi akumwa olerera sadalirika bwino kwa amene anachita bypass. Kambiranani ndi anamwino za njira ina monga implanti kapena lupu. Apongozi, musafulumize mdzukulu.

Kulimbitsa thupi sikufuna ndalama. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kupalira, kutunga madzi, zonsezi zimawerengedwa. Mlendo wathu timakonda kumukhazika pa mpando pakhonde tsiku lonse kuti asatope. Mabala akapola ndipo dokotala walola, mutengeni kudimba. Aziyeza sikelo kamodzi pa sabata kapena akapita ku centro, alembe m'kabuku. Akaona makilo akukwera miyezi iwiri kapena itatu motsatizana, aimbire achipatala chimene anachitira opaleshoni pamene makilowo adakali 3 kapena 4, asadikire afike 15.

Pomaliza, zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo: kusanza kosalekeza kwa masiku awiri kapena atatu, ululu waukulu m'mimba wosatha, chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi, maso achikasu, miyendo kufooka, kusokonezeka mutu kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Kusanza kotalika kumamaliza vitamini B1 m'thupi m'masabata ochepa, ndipo zimenezi zimawononga ubongo. Musayambire kwa asing'anga, musamumwetse mankhwala azitsamba otsuka m'mimba. Itanani APE wa m'mudzi mwanu kapena pezani njinga yamoto, ndipo kalata ija musaiiwale.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakambirana za mchere ndi BP. Amene muli ndi mafunso asiyeni kwa activista wa m'dera lanu, tidzawayankha pa wailesi.