Tikonzekere Chilala China Nsima Ikali M'mbale



Tonse tikumbukira chaka cha 2024. Mvula inadula mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chili pafupi kumasula. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Ife a m'tauni tilibe minda yaikulu, koma chilala chinatipeza pakhomo. Thumba la unga la 25 kg linapitirira K300, ndipo mabanja ambiri anayamba kudalira pamela. Madzi atatsika ku Kariba, magetsi anali kuzima masiku ena maola oposa 20, ndiwo n'kumaola m'mafiriji.

Mu 2025 dziko linakolola matani a chimanga oposa 3.5 miliyoni, ndipo tiyamika. Koma chilala chinabwera mu 1992, chinabweranso mu 2019 ndi mu 2024. Chidzabweranso. Nthawi yokonzekera ndi pamene nsima ikali m'mbale.

Pa wailesi timamva za njira zambiri zatsopano za ulimi. Si zonse zoyenera munthu wa m'komboni. Pa njira iliyonse tidzifunse mafunso atatu. Kodi igwira ntchito magetsi atazima? Kodi ifuna madzi ochepa? Kodi banja limodzi kapena kagulu kangathe kuigula? Tasankha zinthu zinai zimene ziyankha bwino mafunsowa.

1. Mbeu zimene titumiza kumudzi

Ambiri a ife tili ndi makolo ku Katete, Petauke, Chipata kapena Nyimba, ndipo thumba la chimanga likafika pa basi limachokera kwa iwo. Chotero ndalama zimene tiwatumizira pa foni ndi mbali ya ulimi wao. Tizitumize mu Okutobala, mvula isanagwe, pakuti m'mera mpoyamba.

Akatswiri a ZARI ku Mount Makulu ndi ku Msekera, pamodzi ndi bungwe la CIMMYT ndi makampani a mbeu, atulutsa mitundu ya chimanga yocha msanga ndi yopirira dzuwa. Gulani mbeu ya m'paketi yomata, yokhala ndi chizindikiro cha SCCI, ofesi ya Boma yoyesa mbeu. Pali anthu osaona mtima amene amapaka utoto chimanga wamba n'kuchigulitsa ngati mbeu.

Tisanamizane: palibe chimanga chimene chingabereke popanda mvula. Chifukwa chake tilimbikitse makolo kusiya gawo la munda la mapira, chinangwa, khobwe ndi kandolo. Tiwakumbutsenso za ulimi wa m'maenje, umene kum'mawa amautcha Gamphani, umene bungwe la Conservation Farming Unit linayamba kuphunzitsa m'ma 1990. Maenje amakumbidwa m'chilimwe, manyowa amathiridwa momwemo, ndipo madzi a mvula yoyamba sathawa.

Kuyambira mu 2012 kulinso chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana. Achikulire ena amachikana poganiza kuti ndi chimanga chachikasu chija cha thandizo cha mu 1992. Si chimenecho ai. Ichi chimalimidwa konkuno, ndipo sichili m'gulu la GMO. Phala lake ndi labwino kwa ana.

2. Matumba osalowa mpweya

Kukolola ndi kwina, kusunga ndi kwina. Anankafumbwe angathe kusandutsa thumba la chimanga kukhala fumbi m'miyezi yowerengeka. Tsopano kuli matumba otchedwa PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Mukamanga lililonse palokha molimba, mpweya umatha ndipo tizilombo timafa popanda mankhwala. Thumba likapanda kubooka ligwira ntchito zaka zingapo. Liikeni pa thabwa, kutali ndi khoma ndi makoswe.

Koma chimanga chikhale chouma ndithu. Yesani motere: thirani mchere wouma m'botolo lagalasi louma, onjezani chimanga chodzaza dzanja, tsekani ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso.

Nkhani iyi si yamasewera. Chimanga ndi nshawa zachinyezi zimachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi. Kuphika sikumuchotsa. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unanena kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya zopangidwa ndi chimanga chotere, ndipo poizoniyo anapezekanso mu unga wa m'zigayo zina. Njere zoola tisazipere, tisazifulule thobwa, tisapatsenso nkhuku.

3. Kufutsa ndiwo ndi choumitsira cha dzuwa

Amai athu akhala akufutsa ndiwo kuyambira kale. Chatsopano ndi choumitsira chokha. Ndi bokosi lamatabwa lakuda m'kati, lovundikira ndi pulasitiki yoonekera, lokhala ndi mipata yotchinga ndi sefa kuti mphepo izipita. Kalipentala aliyense wa ku Kalingalinga angathe kulikhoma. Ndiwo zimauma msanga, ntchentche ndi fumbi sizifikako, ndipo mtundu wake sutha.

Nthawi ya dzinja chibwabwa, bondwe, kalembula ndi delele zimatchipa ku Soweto Market, ndipo masiku ena tomato amatayidwa. Pamenepo ndi pogula. Tsukani masamba, aviikeni m'madzi owira amchere mphindi ziwiri kapena zitatu, ayalikeni mopyapyala m'bokosi. Akamathetheka m'manja, asungeni m'chitini chotseka bwino. Muno mu Lusaka, kampani ya Mai Sylvia Banda ya Sylva Food Solutions inaonetsa kuti mfutso woumitsidwa mwaukhondo ungalongedzedwe m'mapaketi n'kugulitsidwa m'masitolo.

4. Dimba la m'saka

Pa nyumba ya lendi palibe malo, ndipo ku Kanyama pansi ndi miyala, mvula ikagwa madzi amadzaza pabwalo. Saka limodzi likwanira pakona. Imikani mzere wa timiyala pakati pa saka kuchokera pansi kufika pamwamba, zungulizani dothi losakaniza ndi manyowa oola bwino, boolani m'mbali ndi kuwokeramo repu kapena anyezi. Madzi athiridwe pa timiyalapo kuti afike pansi. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo ndi okwanira.

Chenjezo: tisathirire ndi madzi a m'ngalande kapena a pafupi ndi chimbudzi. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo odwala a m'makomboni athu anadzaza Heroes Stadium. Ndiwo zonse zitsukidwe ndi madzi othira klorini, ndipo ziphikidwe bwino.

Zimene mpingo ungachite

Banja limodzi silingathe zonsezi, koma mutu umodzi susenza denga. Tipempha kuti m'dera lililonse muchite izi mwezi uno usanathe.

Amai a Chigwirizano asonkhe ndalama ya choumitsira chimodzi, chikhale pa tchalitchi, ndipo mabanja azisinthana masiku. Magulu a chilimba agule chimanga pamodzi mu Juni ndi Julai pamene mtengo uli pansi, achiyese ndi mchere, achisunge m'matumba osalowa mpweya. Achinyamata akonze masaka a ndiwo kwa okalamba ndi amasiye. Akulu a mpingo amvetsere zimene a zanyengo adzalengeza za mvula ya chaka, ndi kuuza anthu pa Sabata kuti nawonso adziwitse a kumudzi.

Pomaliza, kambiranani m'magulu mafunso awa. M'chaka cha 2024, ndi mwezi uti umene chakudya chinatha pakhomo panu? Mwa zinthu zinai izi, n'chiti chimene chikadatalikitsa masikuwo? Ndani m'dera lanu adzayamba, ndipo adzayamba liti?