Zimene ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu: katuni ya Supa Team 4

 Lero ndapemphedwa kunenapo za katuni imene makolo ena akhala akufunsa ngati ndi yoyenera ana awo. Dzina lake ndi Supa Team 4.

Katuniyi inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu Julaye 2023. Anaiganiza ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, ndipo anaijambula ndi a Triggerfish a ku Cape Town mogwirizana ndi kampani ya CAKE ya ku London. Nkhani yake ndi ya atsikana anayi a kusekondale mumzinda wa Lusaka wam'tsogolo: Komana, Monde, Temwe ndi Zee. Gogo wina, Mama K, amene kale anali kazitape, amawasankha kuti aziteteza mzinda mobisa, uku akulimbana ndi mayeso, makolo ndi mikangano yapachinzawo.

Ndiyambe ndi zabwino. Choyamba, mwana wamkazi akaonera amadziona yekha: khungu lake, tsitsi lake, yunifolomu yake. Komana ndi katswiri wa sayansi, Zee ndi wampira, Monde ndi mlendo pasukulu amene akufunafuna anzake, Temwe ndi wamakani komanso wokonda kudya. Ndani pano alibe Temwe kunyumba kwake? Chachiwiri, mavuto ake ndi athu omwe. Nkhani ya kuzimazima kwa magetsi ilimo, ndipo ife a ku Tete, amene damu la Cahora Bassa lili m'chigawo mwathu momwe, sitifuna wotimasulira. Chachitatu, amene akuwongolera atsikanawa ndi gogo. Ana amaona kuti mawu a akulu akoma akagonera.

Koma zofooka ziliponso. Chachikulu ndi chiyankhulo. Nkhani ndi ya ku Lusaka, koma atsikanawa amayankhula Chingerezi, mawu akwathu n'kumangowazamo ngati mchere. Anaimasuliranso m'Chizulu. Nanga mwana wa kuno, amene kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, kunyumba n'kumayankhula Chinyungwe kapena Chinyanja, atolapo zingati? China, kuti uonere pamafunika intaneti ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, zinthu zimene mabanja ambiri sangakwanitse. Chinanso, ndewu ndi zigawenga zimadya nthawi yambiri. Ine mbali imene inandigwira mtima ndi ya kusukulu ndi kunyumba, pamene mtsikana akusowa chomuuza kholo lake, koma mbali imeneyo imangoti yayamba, basi kwabwera chigawenga. Moyo weniweni wa mtsikana amene akukula, monga kutha msinkhu ndi kunyengereredwa kuti asiye sukulu akakwatiwe, sungathe ndi nkhonya.

Tsono maganizo anga ndi awa. Amene muli ndi mwayi, lolani ana aonere, koma mukhale nawo pafupi, mufunse kuti amvapo chiyani. Ndipo ife ngati kalabu tisangodandaula. Tilembe kalata ku wailesi yathu, tipemphe mphindi 15 pa sabata za sewero la atsikana a m'dera lathu lino, m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ochita seweroli akhale ana athu omwe. Wailesi sifuna intaneti, imafika ngakhale kumene magetsi sanafike. Amene mukufuna kuthandiza kulemba, perekani maina kwa mlembi tisanabalalike.