LUPU: ZIMENE NDAONA NDI ZIMENE NDINAMVA

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe ndi namwino komanso mzamba, anayankhula pa msonkhano wa bungwe lathu kwa Maseya. Tawasindikiza kuti amene sanabwere nawonso amve.)

Komiti inandipempha kuti ndiyankhule za kulera, ndipo ine ndasankhapo njira imodzi yokha, ya lupu, chifukwa anthu amaiopa kwambiri pamene akuidziwa pang'ono. Ndiyankhula monga mzamba amene waika malupu, ndiponso monga mayi amene anaikidwapo. Akuluakulu mundikhululukire ndikatchula zina zimene sititchula pagulu, pakuti nkhani ya thupi ikanenedwa mozungulira imasokeretsa.

Ena a ife tinakula nthawi imene kulera kunali koletsedwa. Boma la Dr. Kamuzu Banda linakuletsa m'zaka za m'ma 1960, n'kudzavomereza mu 1982 kuti mabanja azitalikitsa mpata pakati pa ana. Bungwe la Banja La Mtsogolo linayamba mu 1987. Kafukufuku wa boma wa mu 1992 anapeza kuti amayi apabanja 7 okha mwa 100 ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono. Pofika 2015-16 anali 58, koma mwa amayi 100 aja, 30 anali pa jakisoni ndipo wa lupu anali mmodzi yekha.

Jakisoni ndi njira yabwino, koma amafuna kuti mayi abwerere kuchipatala miyezi itatu iliyonse. Ife a kuno kuchigwa tikudziwa zimene madzi amachita. Tinaziona mu 2015, tinazionanso ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Misewu ikaduka, mayi ali pa msasa wa anthu othawa madzi, tsiku la jakisoni limapita osaliona. Lupu saopa kusefukira kwa Shire kapena Mwanza.

Kodi lupu n'chiyani? Ndi kapulasitiki kofewa kooneka ngati chilembo cha T, kotalika osafika masentimita 4. Wofala kuno ndi wa mkuwa, wotchedwa Copper T 380A. Amakhala m'chiberekero, ndipo mkuwawo umafooketsa mbewu ya abambo kuti isakumane ndi dzira la mayi. Amateteza zaka 10 mpaka 12, ndipo mwa amayi 100 amene aikidwa, amene amatenga pakati m'chaka choyamba safika ndi mmodzi yemwe. Mukafuna mwana, azamba amamuchotsa, ndipo mphamvu yobereka imabwerera nthawi yomweyo. Palinso lupu wina wa mahomoni amene amachepetsa msambo. Funsani ngati chipatala chanu chili naye.

Ine ndinasankha wa mkuwa nditabereka mwana wachitatu. Sindinkafuna mahomoni, ndiponso sindinali wokonzeka kutseka. Mnzanga wina anasankha kam'mkono, ndipo naye sanalakwe. Chofunika n'chakuti posankha mudziwe mtengo wake. Lupu wa mkuwa amachulukitsa magazi a msambo ndi cham'mimba, makamaka miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba. Kuno malungo amatithera kale magazi, kotero mayi wochepa magazi anene zimenezi kwa azamba asanaikidwe. Amene ali ndi matenda opatsirana pogonana ayambe walandira mankhwala. Lupu sateteza ku HIV. Imeneyo ndi ntchito ya kondomu. Koma mayi amene akumwa ma ARV ndipo ali bwino m'thupi angathe kuikidwa.

Tsopano ndifike pa funso limene amayi amandifunsa monong'ona: "Anamwino, kodi zimawawa?" Inde zimawawa, koma kwa kanthawi. Ndikuuzeni mmene zimayendera.

Poyamba mzamba amakufunsani mafunso kuti atsimikize kuti mulibe pakati. Mukagona chagada, amapima ndi zala kuti adziwe kumene chiberekero chapendekera. Kenaka amalowetsa chitsulo chotsegulira njira, chonga cha poyeza khansa ya khomo la chiberekero. Chimazizira ndi kukankha, koma kwa ine sichinawawe. Atapukuta khomolo ndi mankhwala, analigwira ndi kopanira. Apo ndinamva ngati munthu wanditsina m'kati. Kenaka analowetsa kandodo kopyapyala koyezera kuya kwa chiberekero, ndipo m'mimba munapota ngati tsiku loyamba la msambo wovuta. Polowetsa lupu weniweniyo munapotanso kachiwiri, mwamphamvu, mpaka ndinagwira m'mphepete mwa bedi. Ndisanathe kupuma mozama kangapo, mzamba anali akudula timaulusi, n'kusiya totalika masentimita atatu. Ntchito yonse sinapitirire mphindi khumi.

Nditadzuka ndinamva chizungulire pang'ono, ndipo anandikhazika kaye pansi. Tsikulo ndi lotsatira lake m'mimba munkapota mwa apo ndi apo, timagazi tikudontha. Ndinamwa brufeni, ndipo tsiku lachitatu ndinapita kudimba.

Komatu thupi langa si thupi lanu. Ndaikapo amayi amene anandifunsa kuti, "Mwayamba kodi?" ine nditamaliza kale. Ndaikaponso ena amene analira, makamaka amene sanaberekepo, chifukwa khomo lawo n'lothina. Wolira si wamantha ayi. Muli ndi ufulu wofunsa za mankhwala oletsa ululu musanagone, wopempha kuti akuuzeni chilichonse asanachichite, ndi wonena kuti, "Taimani kaye." Musapite ndi njala, tengani kansalu kapena padi, ndipo ngati kuli kotheka wina akuperekezeni. Amene ali oyembekezera adziwe kuti lupu amaikidwanso pasanathe maola 48 mwana atabadwa. Nthawiyo ikadutsa, adikire milungu inayi.

Za pachitsime nazo ndimazimva. Akuti lupu amayenda mpaka kumtima. Chiberekero chili ngati kathumba, ndipo chilibe njira yopita kumtima. Chimene chimachitika nthawi zina n'chakuti lupu amatuluka yekha, makamaka miyezi yoyamba. Zimachitikanso, mwina kamodzi pa 1,000, kuti khoma la chiberekero labooka poika, n'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya anthu ophunzitsidwa basi. Akutinso amabaya abambo. Abambo safika pamene pali lupu. Amene amamva kanthu amamva timaulusi, ndipo mzamba angatifupikitse.

Bwererani kuchipatala pakatha milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti akaone ngati wakhala bwino. Koma musadikire tsikulo mukamva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, thupi likatentha, kukatuluka zonunkha, msambo ukapanda kubwera, kapena mukakhudza kapulasitiki kolimba kunjira. Ngati chipatala chaching'ono cha kwanu chilibe woika lupu, adzakuuzani tsiku limene oika amabwera, kapena adzakutumizani kuchipatala cha boma ku Chikwawa.

Abambo, musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Ndaona amayi akubwera mobisa, buku la kuchipatala atalisungitsa kwa mnansi, chifukwa kunyumba nkhaniyi siyambika. Mayi wotero akayamba kutaya magazi ambiri amavutika yekha osanena. Thupi ndi la mayi, ndipo mawu omaliza ndi ake, koma njinga yomuperekezera ndi yanu.

Anzanga, sukulu inatiphunzitsa kuwerenga ndi kufunsa. M'midzi mwathu anthu amatiyesa odziwa, ndipo zimene tinena pa maliro, kumpingo ndi kumsika zimapita kutali. Sindinabwere kudzakuuzani kuti nonse muike lupu. Ena chikhulupiriro chawo sichilola, ena matupi awo akufuna njira ina. Pempho langa n'lakuti mlongo wanu kapena mpongozi wanu akakufunsani, musamuopseze, ndiponso musamunamize kuti sizipweteka. Muuzeni kuti ululu ulipo wa mphindi zochepa, miyezi yoyamba ndi yofuna kupirira, chitetezo n'cha zaka zambiri, ndipo akatopa naye angathe kumuchotsetsa tsiku lililonse. Zotsalazo akafunse azamba, paja akulu anati safunsa anadya phula.

Amene ali ndi mafunso a paokha andipeza panja tikatha kudya.