Galimoto Yakale ndi Ndalama za Mlimi

Zokolola zikagulitsidwa, mlimi wa kwa Champiti m'boma la Ntcheu amayang'ana msewu wa M1 ndi maso ena. Galimoto za Sienta ndi Freed zimadutsa zitadzaza anthu opita ku Balaka kapena ku boma, ndipo mumtima amati naye angathe kukhala ndi yake. Yatsopano sangaikwanitse, choncho maganizo ake amagwera pa yakale.

Zambiri mwa galimoto zimenezi zimachokera ku Japan, kumene lamulo limafuna kuti galimoto iyesedwe ikatha zaka 3, kenaka pa zaka 2 zilizonse. Kuyesako nkodula, ndipo eni ake ambiri amangogulitsa. Zimatsikira pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa chipata cha Songwe. Msonkho wa MRA umawonjezera mtengo, ndipo umatengera ukalamba wa galimoto. Nchifukwa chake mlimi amathamangira imene yayenda kale muno, mwina yadutsa m'manja atatu, itanyamula anthu asanu ndi anayi pa mipando isanu ndi iwiri.

Wogula wanzeru amapita ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa, ndipo amafika m'mamawa injini isanalizidwe, popeza injini yotentha imabisa matenda. Utsi wobiriwira ngati thambo umasonyeza kuti ikudya oyilo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowamo, ndipo pamenepo palibenso zokambirana. Nambala ya makilomita ya pa wotchi njosadalirika, chifukwa alipo amisiri oibweza m'mbuyo. Chiongolero choterera ndi zopondera zotha ndizo sizinama. Makaniko agonenso pansi, aone dzimbiri ndi mabala a miyala. Galimotozi anazipangira misewu ya phula, mimba yake ili pafupi ndi nthaka, pamene njira zolowa m'midzi zimakumbika mvula ikagwa.

Choopsa chachikulu sichioneka pa tsiku logula. Masipeyala amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo yake inatsatira. Mabuleki angakonzedwe pansi pa mtengo wa mango pa Kampepuza, koma giyabokosi yosintha yokha ikafa, ulendo ndi wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, galimoto ili pa msana pa inzake. Amene anatsanulira ndalama zonse pogula amaiimika pa njerwa, nkhuku nkumaikiramo mazira.

Mapepala nawo ngofunika kuwaona ndalama isanatuluke. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'bulubuku, dzina la m'bulubuku likhale la amene akugulitsayo, ndipo awiriwo apitire limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini. COF ndi inshuwalansi zikhale zosatha masiku, pakuti apolisi a pamsewu adzazifuna pa ulendo woyamba womwe.