Mulungu Akakuitana, Pita Ukatsanzike

Inu alonda amene muli pa geti ndi kawailesi m'thumba, inu amene mukusoka ukonde pa gombe la Nguwo, ndi inu a kabaza pa msewu wochoka pa boma pa Salima kutsikira ku Senga Bay. Aleluya! Tsegulani Genesis 31, chala china muike pa Eksodo 4 ndime 18. Lero tikamba za kusiya ntchito. Ee, mwamva bwino. Wina akuti, "Abusa, imeneyo ndi nkhani ya ku leba, si ya pa guwa." Dikirani kaye.

Kuno kunyanja tili ndi kachitidwe kena koipa. Munthu akugwira ntchito pa loji, kaya amaphika, kaya amayala mabedi, kaya amalondera usiku. Pa 28 walandira malipiro, pa 29 foni yazima. Makiyi a sitolo ali m'thumba mwake, yunifomu ya eni ake ili pa chingwe kwawo, alendo afika kuchokera ku Lilongwe kukhitchini kulibe munthu. Mukafunsa, akuti ali pa basi ya ku Joni. Alovi nawonso, munthu watenga ndalama kwa mwini chilimira, mdima wa usipa wafika, iye wakwera boti la wina. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ena mwa amenewa ndi athu, obadwanso mwatsopano, ndipo Lamulungu aimirira kuchitira umboni kuti, "Mzimu anandiuza kuti ndituluke."

M'bale wanga, mwina Mzimu anakuuzadi. Sindikutsutsa. Yakobo nayenso anauzidwa ndi Mulungu kuti abwerere kwawo. Ndipo Labani sanali bwana wabwino ayi. Zaka 20 Yakobo akuweta ziweto, dzuwa likumuotcha usana, chisanu chikumudya usiku, malipiro ake n'kusinthidwa kakhumi. Kakhumi! Ena a inu mukumudziwa Labani wanu, musatchule dzina. Koma taonani m'mene Yakobo anachokera. Anadikira Labani apite kukameta nkhosa, iye n'kusonkhanitsa akazi, ana ndi ziweto, ulendo, osatsanzika. Tsiku lachitatu Labani anamva, n'kumuthamangitsa masiku 7 mpaka ku mapiri a Gileadi. Mlandu woyamba unali wothawa, wachiwiri unali wakuba, chifukwa Rakele anali atatenga timafano ta atate ake Yakobo osadziwa. Munthu wa pangano, katundu wake akufwanthulidwa hema ndi hema ngati mbala. Mulungu anamuteteza, inde, anachenjeza Labani m'maloto. Koma manyazi aja anawaona, ndipo anthu awiriwa anasiyana ataunjika miyala ya malire pakati pawo.

Tsopano pitani kwa Mose. Ameneyu anaona chitsamba chikuyaka moto osanyeka, anamva mawu a Mulungu ndi makutu ake. Ngati panali munthu woti akanasiya nkhosa kuthengo n'kunyamuka pomwepo, ndi Mose. Koma anabwerera kaye kwa Yetero, mpongozi wake, mwini nkhosa, kukapempha kuti amulole apite. Yetero anamumasula mwamtendere. Muwerenge Eksodo 18 mukafika kunyumba. Yetero yemweyo ndi amene anadzabwera m'chipululu, n'kumupeza Mose akutopa ndi milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumulangiza kuti asankhe oweruza omuthandiza. Akanachoka mothawa, malangizo amenewo akanawamva kuti? Nenani Amen!

Ndiye nditsike pansi pang'ono, tikambe za kalata. Dziko lathu lili ndi lamulo la ntchito la 2000, ndipo limanena kuti notisi iperekedwe molemba. Ngati mumalandira pa mwezi, notisi yake ndi mwezi umodzi. Ngati mumalandira pa sabata ndipo simunakwanitse zaka ziwiri, ndi sabata imodzi. Zaka zikamachuluka, notisi imatalikanso. Onaninso kontirakiti yanu ngati munasaina. Lamuloli limaluma mbali zonse. Abwana akakuchotsani opanda notisi, ayenera kukulipirani ndalama ya masiku a notisiyo. Inu mukachoka opanda notisi, ndi inu amene muli ndi ngongole imeneyo kwa abwana. Ambiri sadziwa zimenezi. Amathawa, kenako n'kupita ku ofesi ya zantchito kukadandaula za ndalama zawo zotsala, kumeneko akafunsidwa kalata, ayamba kukanda m'mutu.

Kalatayo si ulaliki, musaikemo mavesi. Lembani deti la tsikulo, dzina la abwana kapena manijala, kenako mawu ochepa: ndikupereka notisi yosiya ntchito, tsiku langa lomaliza lidzakhala lakuti, zikomo chifukwa cha nthawi imene ndagwira pano. Dzina lanu, siginecha, basi. Musalembemo kuti, "Mulungu akulangeni chifukwa cha nkhanza zanu." Pepala siliiwala, limakhala mu fayilo zaka ndi zaka inu mkwiyo utatha kalekale. Lembani makalata awiri, ina mupereke, ina abwana asaine kuti alandira, muisunge m'Baibulo mwanu. Ngati kulemba kumakuvutani, pemphani mlembi wa mpingo akuthandizeni, palibe chamanyazi. Ndipo musatumize mwana, musaponye pa WhatsApp pakati pa usiku. Valani bwino, gogodani, nenani kuti, "Bwana, ndili ndi mawu," mupereke ndi manja awiri.

Mwezi wa notisi ndiye mayeso enieni. Apa m'pamene ena amayamba kufika dzuwa litakwera, mbale kutsuka mwa bola zayera, timatawulo ndi timasupuni kuyamba kusowa. Mwana wa Mulungu, ayi. Muonetseni wolowa m'malo mwanu pamene pamavuta pampu ya madzi, kumene mumagula chambo chabwino, m'mene jenereta imayatsidwira magetsi akazima. Bwezani makiyi, tochi, yunifomu. Ngati munakongola adivansi, khalani pansi muwerengerane. Samueli atakalamba anaima pamaso pa Israyeli yense, mu 1 Samueli 12, n'kufunsa ngati pali amene anamulanda ng'ombe kapena bulu, ndipo anthu onse anavomera kuti manja ake ndi oyera. Kodi inu mungaime pa geti la loji n'kufunsa funso limenelo?

Potuluka pemphani satifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito yanji, kuyambira liti mpaka liti. Lamulo limati abwana akupatseni mukapempha, ndipo malipiro anu otsala aperekedwe pasanathe masiku 7. Senga Bay ndi kamudzi kakang'ono, abale. Mamanijala a mahotela ndi maloji amadziwana, amaimbirana foni. Mukafunsira ntchito ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, funso loyamba lidzakhala lakuti, "Kumene munali kuja munachoka bwanji?"

Ndisaiwale inu mlongo wanga amene abwana akukugwiragwira, kapena inu amene mukumenyedwa, kapena mwatha miyezi osalipidwa. Sindikunena kuti mupirire mwezi wina m'nyumba ya moto. Lamulo lomwelo limalola wantchito kuchoka popanda notisi ngati khalidwe la abwana lafika poti munthu sangapitirize. Chokani, koma pitani ku ofesi ya zantchito pa boma mukafotokoze, ndipo ngati ndi nkhanza za thupi, ku polisi. Tengani mkulu wa mpingo akuperekezeni. Inunso mabwana achikhristu amene mukumvera, wantchito akabweretsa kalata musamunyoze, musamubisire ndalama zake. Mumasuleni ngati Yetero.

Tiyeni tipemphere. Amene muli ndi kalata yoti mupereke sabata ino, ikani dzanja pa wailesi yanu. Atate, ndikupempherera mwana wanu uyu amene mtima ukugunda poganiza za ofesi ya abwana. Mupatseni kulimba mtima, mutsekereni pakamwa pa mawu a mkwiyo, mukomereni mtima pamaso pa amene akukamutsanzika. Iye amene anathawa ndi makiyi a eni ake, musamupatse tulo mpaka atabweza. Ndipo kumene akupitako, mum'tsogolere. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.